Chenga cha Mayi Febby a ku Kaporo

Inu amene mumaganiza kuti wosauka sangathandize mnzake, tamverani za Febby wa ku Kaporo, m'boma la Karonga.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, mtsinje unasefukira mpunga utangoyamba kutulutsa ngala. Madzi ataphwa, m'munda mwa Febby munangotsala mchenga. Mwamuna wake anali atamwalira chaka chapitacho, ndipo ng'ombe ziwiri zimene anasiya, abale a mwamunayo anatenga. Febby anatsala ndi lichero, mtondo, ndi mwana mmodzi, Towera, wa Sitandade 5.

Lachiwiri lina anadzamuitana kusukulu. Towera anali atakomoka pamzere wa m'mawa. Febby anamupeza atagonekedwa pakhonde, mphunzitsi wake, Mayi Bessie ochokera ku Dedza, akumukupiza ndi kope.

"Mayi, mwanayu wadya chiyani lero?" anafunsa mphunzitsiyo.

Febby anayang'ana pansi. Chichewa chake chinali chotsimphina, koma tsiku limenelo ngakhale Chinkhonde cha kwawo chinamuthawa pakamwa.

"Dzulo masana anadya nthochi ziwiri zowiritsa," anatero pomaliza. "Aphunzitsi, mungomufufuta m'buku. Alamu anga apeza banja ku boma lofuna wolera mwana. Kumeneko azikadya."

Towera anatsegula maso, nagwira chitenje cha mayi ake.

"Amama, sindigwanso. Ndizigwira khoma."

Mayi Bessie anapukuta m'maso. "Ndikayamba kufufuta ana anjala, m'kalasi mwanga mutsala ine ndi choko. Ikamakwana teni koloko theka la kalasi limakhala litagona."

Febby anabereka mwana wake, wamkulu kale miyendo ikufika m'maondo, napita naye kunyumba.

M'mawa mwake analawira kumtunda, kwa anthu amene anali akadali ndi mpunga wa chaka chatha. Anawasinjira ndi kuwapetera tsiku lonse, ndipo iwo anamupatsa chenga, mpunga wosweka uja umene ena amaponyera nkhuku. Anaphika phala, naliika m'kapoto, nkukadikira pansi pa mtengo wa mango kusukulu nthawi yopuma.

Towera atayamba kudya, ana ena anabwera nkuima chapafupi. Sanapemphe. Maso awo okha ndiwo ankatsatira supuni, kuchoka m'poto kukafika pakamwa. Towera anadya masupuni atatu, kenaka anapatsira mnzake. Febby anafuna kukalipa, poti phalalo analivutikira yekha, koma anamusiya. Tsiku lotsatira anawonjezera madzi m'phala kuti likwanire ambiri, mpaka linasanduka lomwa.

Anaona kuti yekha sangathe. Anayamba kuyenda khomo ndi khomo, kupempha chenga chodzaza dzanja limodzi lokha. Ena anamuseka pamaso.

"Wamasiye wopanda ndi nkhuku yomwe akufuna kudyetsa sukulu yonse?"

Ankabwerera kunyumba nkhope itatentha ndi manyazi, koma mawa lake ankagogodanso pakhomo lina. Woyamba kumumvera anali Dora, mayi woyandikana naye, amene anathira ufa wa chinangwa m'lichero lake. Lettie, mnzake wa kutchalitchi, anabweretsa mgolo wodula pakati woti aziphikira. Mayi Bessie ankabwera ndi mchere, mwezi ukatha nkuwonjezerapo kashuga. Posakhalitsa azimayi asanu ndi mmodzi ankasinthana pamoto.

Koma masiku amenewo mawu oti njala sankatchulidwa poyera. Ukawatchula, ukanatha kuitanidwa kuti ukafotokoze chimene ukutanthauza, ndipo ena oitanidwa choncho ankachedwa kubwerako. Tsiku lina a Manase, tcheyamani wa chipani m'deralo, anatulukira pa njinga, baji ili pachifuwa. Azimayi enawo anazemba mmodzimmodzi kupita kuseri kwa kalasi. Febby anatsala yekha, mthiko uli m'manja.

"Mama, ndamva kuti mukulengeza kuti kuno kuli njala," anatero a Manase. "Ndani wakulolani kusonkhanitsa anthu pano?"

"Bambo tcheyamani, ine sindinalengeze kanthu. Ndimangophika. Anawa amabwera okha."

Nthawi yomweyo belu linalira. Ana anatuluka nkundanda pamzere, ena ndi makapu, ena ndi zikho, ena atangopinda tsamba la nthochi. Febby anaganiza kuti ngati kuli komangidwa, amangidwe ana atadya. Anayamba kugawa.

A Manase anaima pomwepo, atagwira njinga yawo, mpaka mzere unatha. Womaliza anali kamtsikana ka Sitandade 1, ndipo phala linali litatha. Febby anakanda pansi pa mgolo, napeza masupuni awiri opserera.

"Pepa mwanangu, mawa udzayambe ndiwe."

"Ndaga, mama," kanathokoza kamwanako, nkukakhala pansi kudya mosamala ngati kapatsidwa nyama.

Kenaka a Manase anayankhula motsitsa mawu.

"Akakufunsani, muziti ndi ntchito yodzithandiza ya makolo. Mawu ena aja muwasiye. Zotsalazo ndiyankha ndine."

Patapita masiku atatu anabweranso, mkoko wa nthochi atamangirira pa njinga. Chaka chotsatira, pa Sabata ya Achinyamata, anatsogolera anthu kulima malo okwera kuseri kwa sukulu, kumene madzi osefukira safikako. Anadzalamo chinangwa ndi mtedza.

Musaganize kuti kuyambira pamenepo zonse zinayenda myaa. Mpunga utachita bwino, ambiri anati phala lilibenso ntchito, ndipo azimayi anayamba kusowa pamoto. Febby ankadziwa kuti ngakhale chaka cha zokolola zambiri, ana amasiye amabwerabe kusukulu m'mimba muli pululu. Teremu yathunthu anaphika ndi Dora awiriwiri. Utsi unamufiiritsa maso. Malungo atamugwetsa, ankafunsa ali pamphasa ngati moto wayatsidwa.

Towera naye analemba mayeso a Sitandade 8, anakhoza, koma sanasankhidwe kupita ku sekondale. Mlamu uja anabweranso ndi nkhani yake, ulendo uno ya ukwati.

"Alamu," anatero Febby, "mwanayu abwereza. Akapanda kusankhidwa, abwerezanso."

Towera anabwereza, ndipo chaka chachiwiri dzina lake linatuluka. Tsiku lonyamuka, azimayi a pamoto anamusonkhera sopo, chitenje ndi mtedza wokazinga, namuperekeza kumsewu akuimba. Febby sanaimbe nawo. Ankangokonzakonza kolala ya diresi la mwana wake, ngakhale inali yowongoka kale. Patapita zaka, Towera anakhala namwino, ndipo anamangira mayi ake nyumba ya malata. Febby anagonamo mokondwa, koma m'mawa uliwonse wa sukulu ankapezekabe pamgolo. Pofika nthawi imeneyo makolo anali atagawana masiku, ndipo kunalibenso mwana wogona m'kalasi chifukwa cha m'mimba.

Mbiri inafika mpaka ku Hara, dera lina lakutali m'boma lomwelo. Azimayi atatu a kumeneko anakwera basi kudzaona okha. Atayendera munda ndi nkhokwe ya sukulu, mmodzi anamukokera Febby pambali.

"Mama, tiuzeni zoona. Ndi azungu ati akukuthandizani? Nafenso tikufuna tikawaone."

Febby anaseka mpaka misozi. Analoza kunjira, kumene Dora ndi Lettie ankabwera atasenza nkhuni, thukuta lili kamukamu.

"Azungu anga ndi awo akubwera apowo. Kwanu kulibe otere?"

Azimayi aja anayang'anana. Teremu yotsatira, moto unayaka pasukulu yawo.

Owerenga anga, mwina nanunso mukudikira kuti mudzayambe kuthandiza mukadzapeza bwino. Mwana wanjala sangadikire tsiku limenelo. Yang'anani chimene muli nacho lero, ngakhale chikuoneka chonyozeka, ndipo itanani mnzanu woyandikana naye kuti mugwirane manja. Akakusekani pakhomo loyamba, gogodani lachiwiri. Mtima wanu usafooke, pakuti kwinakwake kuli mwana amene atsale pasukulu chifukwa cha inu.