Mawu asanu m'bango la Ruo

Tsiku limenelo ine ndi bambo tinali kumunda, kuingitsa anyani m'mapira. Kwathu, kutsidya la Ruo, anyani sitinkawathamangitsa ndi miyala yokha. Tinkaimba mangolongondo, zidutswa za mtengo zogoneka pa mathunthu awiri a nthochi. Bambo ankasema okha. Akagogoda chidutswa, ankapendeketsa mutu, n'kuchipala pang'ono kunsi, n'kugogodanso. Mawu ake anali asanu. Chidutswa chachisanu ndi chimodzi chinkabwereza choyamba, koma mokweza. Nditawafunsa amene anawaphunzitsa, anangoloza khutu.

Ndinali ndi zaka mwina khumi ndi zisanu ndi ziwiri.

Dzuwa lili pamutu, asilikali anatulukira m'mapiramo. Anali a mbali iti sindidziwa, ndipo musandifunse. Onse ankafuna anthu onyamula katundu. Bambo anandikankhira pansi, iwo n'kupitiriza kuimba kuti maso onse akhale pa iwo. Ndikukwawa, ndinamva nyimbo ikuduka pa liwu lachitatu.

Amayi anali ndi pakati. Tinathawira kuphiri ndi mabanja ena anayi. Komweko anabereka mwana wamkazi, pansi pa msuku. Mchombo anadula ndi tsekera. Anamutcha Muhiwa. Tinakhala miyezi iwiri tikudya masuku ndi chinangwa chofukula m'minda ya eni. Palibe amene anaimba, ngakhale mluzu. Utsi wa midzi utayandikira, tinatsika.

Tinafika pa Ruo masana. Tisanawoloke, asilikali anabwera kudzasamba. Tinalowa m'bango, madzi m'chiuno. Ndinkamva mmodzi akutsuka mbale yachitsulo ndi mchenga.

Muhiwa anayamba kudandaula. Amayi anamupatsa bere. Linali louma. Mwanayo analilavula, nkhope n'kuchita makwinya.

A Mukhwapa, mkulu wa gulu lathu, anali ndi ana awo atatu kumbuyo. Anatapa dothi m'dzanja. Ananong'ona: "Mayi, mutsekeni mwanayo. Apo ayi ndimutseka ine."

Ndinali ndi kampeni m'chiuno. Ndinakagwira. Lero ndimadziwa kuti sanali munthu woipa, koma akanatambasula dzanja lija, ndikanawabaya.

Ndinamulanda mwanayo kwa amayi. Ndinaika milomo pa khutu lake, n'kung'ung'udza mawu a bambo, kuchokera pamwamba kutsika. Loyamba. Lachiwiri. Anasiya kupalapasa. Pa lachitatu liwu linaterereka, n'kugwera pakati, pamene bambo akanati chidutswa chipalidwenso.

Mwana uja anakwinya pamphumi. Anakoka mpweya wolirira.

Ndinameza malovu, n'kulikweza liwu lija pamalo pake. Mpweya uja anautulutsa pang'onopang'ono, wopanda phokoso. Ndinapitiriza. Asanu, kubwerera, asanu. Misundu inandiluma m'miyendo. Sindinagwedezeke. A Mukhwapa dothi linawasungunukira m'dzanja.

Asilikali anavala, n'kumapita. Tinawoloka titagwirana.

Patapita masiku atatu tinafika ku Thyolo, podzera ku Luchenza. Tinaona mizere ya tiyi, yometedwa bwino ngati palibe chimene chikuchitika padziko. Kapitawo anatiyang'ana m'manja, n'kutipatsa makasu ndi malo omanga khumbi. Sanafunse kumene tachokera.

Pambuyo pake ndinalowa sukulu ya mishoni, ndili wamkulu kale. Mphunzitsi wina, atakhala pa limba, anati ife Alomwe tinabadwa ndi makutu operewera, chifukwa poimba timalumpha "fa" ndi "ti". Anati nyimbo ndi ya kuphunzira, m'munthu mulibe. Ndinaimirira n'kumuuza kuti akunama. Anandikwapula zisanu ndi chimodzi. Sindinapepese, ndipo mpaka pano sindinapepese. Mwana wa miyezi iwiri, wosamvapo nyimbo, anadziwa kuti ndaphonya. Ena amati anamvera m'mimba. Mwina. Nanga kukwinya kuja anamuphunzitsa ndani?

Bambo sanabwere. Amayi tinawaika kuseri kwa mizere ya tiyi. Muhiwa alipo, ali ndi ana awiri, amathyola tiyi ndi dengu kumsana. Iye sanawaonepo bambo. Ndikadutsa m'munda ndimamumva akung'ung'udza, ndipo pa liwu lachitatu saphonya.