Tenanti wa ku Rasha

Fungo la fodya wouma m'chigafa limandibwezera ku esiteti ina ya ku Chiosya, chaka chimene ndinali Sitandade 5. Bambo anali tenanti, kwathu kunali ku Phalombe. Kumapeto kwa Meyi belo la fodya linawagwera paphewa akupakira mulole, ndipo kuyambira pamenepo mkono wawo wamanja sunkakwera kupitirira pachifuwa. Tonse tinkadziwa kuti mu Sepitembala kapitawo adzasankha otsala ndi ochoka. Wotsala ankayenera kunyamula makeni awiri odzaza madzi, kuthirira nazale m'mawa ndi madzulo.

Kuseri kwa ofesi kunali bwalo la simenti long'ambikang'ambika, pomwe eni esiteti akale ankasewerera tenesi. Masiku athu azimayi ankayanikapo mtedza, koma mizere yoyera inkaonekabe pansi pa makoko. Mtedza ukaoledwa, ine ndi mlongo wanga Esinta tinkamanga luzi pakati, n'kumamenyerana kampira kothothoka ubweya ndi timatabwa. Mphepo ya Juni inkatiumitsa milomo, mapazi atatuwa ndi fumbi.

A Zulu, kalaliki wa esitetiyo, anamata pakhoma chithunzi cha mnyamata wamtali wa ku Rasha wosewera tenesi, bondo lomanga ndi nsalu yoyera. Loweruka masana ankatsegula wailesi yakunja n'kumandimasulira. Anati mnyamatayu amayamba kusewera pa dothi lofiira m'dziko lina, kenako pa udzu m'dziko lina, kenako pa simenti kutsidya la nyanja, koma bondo likumuvuta.

Ndinakawafotokozera bambo ali padzuwa, amayi akuwathowa phewa ndi madzi otentha.

"Mabwalowo ndi ake?" anafunsa bambo.

"Ayi, ndi a eni ake."

"Nyengo ikatha amalongedza n'kupita kwina?"

"Eya."

"Basi, ameneyo ndi tenanti mnzanga," anatero, ndipo anaseka koyamba chivulalireni.

Kuyambira tsiku limenelo, Loweruka lililonse ndikangotulukira pakhomo ankandifunsa kuti, "Nanga mnzanga uja?" Ndinkanena zomwe ndamva: waluza, wapumula, akuti ayesanso. Iwo ankagwedeza mutu n'kuyesa kukweza mkono, pang'onopang'ono, ataluma mano.

Loweruka lina chakumapeto kwa Ogasiti a Zulu anandiuza kuti mnyamata uja wasiya kusewera, bondo lakana. Ndinabwerera kunyumba modutsa kudambo kuti njira italike. Bambo ndinawapeza akusema mpini ndi dzanja lamanzere.

"Nanga mnzanga uja?"

"Wachira," ndinatero. "Wapambananso."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Wachita bwino," anatero, n'kupitiriza kusema.

M'mawa mwake anatenga makeni awiri n'kutsikira kuchitsime, kapitawo ataima pachulu. Anatunga madzi, anayenda bwinobwino mpaka pa bedi loyamba la nazale. Kenako keni yakumanja inagwa. Ndimakumbukira phokoso la chitini chija, ndi madzi akulowa m'dothi louma mofulumira ngati sanakhalepo. Patatha sabata tinauzidwa kuti tilongedze.

Tsiku lonyamuka, a Zulu anamatula chithunzi chija n'kundipatsa. "Bambo ako anamva chisoni," anatero. "Zoti mnyamatayu wasiya kusewera ndinawauza m'mawa wa Loweruka lomwe lija, iwe usanabwere."

Sindinamvetse. Mulole, nditakhala pa mtolo wa mphasa, ndinkangoganiza chimodzi: bodza langa ndi lomwe linawanyamulitsa makeni aja phewa lisanapole, ndiye kuti malo athu ndinataya ndine. Ndinasunga zimenezi mumtima zaka zambiri, osauza ngakhale Esinta.

Lero ndapitirira msinkhu umene bambo anali nawo chaka chimenecho. Ndikuona kuti makeni aja akanawanyamulabe, chifukwa panalibe njira ina. Nkhani ya mnzawo anali ataimva kale. Kwa ine ankangofuna kumva ngati pakhomo pawo patsala munthu wokhulupirira kuti mkono uja udzakwera, ndipo anamupeza.