Filiji ya m'Kalavani ya a Haugen

A Orval Haugen anabadwira pafamu ya mbatata kumpoto kwa Minnesota, ndipo moyo wawo wa ntchito anauthera pachiwongolero cha thanki yonyamula mkaka. Anali munthu wamtali, wosayankhulayankhula, wa manja akuluakulu osatha kugwira tinthu ting'onoting'ono. Zokonzakonza pakhomo inali mbali ya akazi awo, a Marlys, omwe anagwira ntchito zaka zambiri kufakitale ya mabasi akulumikiza mawaya. Babu likapsa, a Orval ankangoima pakhomo n'kuitana, "Marlys, kwada kuno!" Ndipo a Marlys ankabwera akudandaula kuti anakwatiwa ndi mtengo.

Atapuma pantchito anagulitsa nyumba n'kugula kalavani yokoka ndi galimoto. Chisanu chikamayandikira ankatsikira kum'mwera kotentha, ku Yuma, n'kuimika kalavaniyo pabwalo lamiyala pakati pa anzawo othawa kuzizira. Kukayamba kutentha ankabwerera kumpoto kukawedza. Anayenda chonchi zaka zingapo, mwamuna akuyendetsa, mkazi akusamala china chilichonse.

Chaka china, mu Febuluwale, a Marlys anapita kuchipinda chochapira ndi dengu la zovala. Anakhala pabenchi, ananena kuti mutu ukuwawa, ndipo sanadzukenso. Mwana wawo yekhayo, Renae, anabwera pandege kuchokera ku Fargo, anayendetsa zonse za maliro, ndipo pobwerera anapempha bambo ake kuti apitire limodzi.

"Ndibwera kukatentha," anatero a Orval.

Kunatentha. Aneba anayamba kumangirira makalavani awo mmodzimmodzi, kutsanzika, kupita. Pabwalo panatsala mipata yambiri ndi madontho a mafuta. A Orval sanasunthe. Sikuti anaganiza zotsala. Kungoti tsiku lonyamuka silinkafika m'mutu mwawo. Ankadzuka, kumwa khofi, kukhala pampando wa panja mpaka mthunzi utathawa, kenako kulowa m'kati. Anthu anawauza kuti chisoni chidzawagwetsa pansi, ndipo iwo ankachidikira, koma sichinkabwera. Mumtima munali dzanzi lokhalokha, ngati mwendo womwe waukhalira nthawi yaitali.

M'mawa wina mkaka unanunkha. Munthu yemwe wanyamula mkaka moyo wake wonse safuna kulawa kuti adziwe. Anautaya m'sinki, anakagula wina. Nawonso unasasa. Kenako pansi pa chitseko cha filiji panayamba kutuluka madzi, ndipo iwo anayalapo thaulo. Thaulo litanyowa anayala lina.

Amene anabwera anali a Consuelo Barraza, omwe aliyense ankangowati a Chelo. Anali mayi wamfupi, wa mawu okuluwika, yemwe ankakhala pabwalopo chaka chonse, akusesa chipinda chochapira ndi kugulitsa zakudya kwa anthu ogwira ntchito m'minda. Ndi iwo amene anagwira mutu wa a Marlys tsiku lija podikira ambulansi. Anagogoda pakhoma la kalavani ndi chikhatho.

"Aneba! Mwapha chiyani muno? Fungo lake likundipeza ndili kwanga."

"Ndi filiji," anayankha a Orval atatsegula.

"Yatani?"

"Yasiya."

"Liti?"

A Orval anayang'ana kudenga. "Mwina Lachitatu."

"Lachitatu liti, madala? Lapitali kapena la mwezi watha?" A Chelo anawakankha pang'ono n'kulowa, atatseka mphuno ndi kolala ya bulauzi. Anatsegula chitseko cha m'munsi cha filiji ndipo kababu ka m'kati kanayaka. "Eya, batire ili moyo, fyuzi ili bwino. Bongo wake ukuganiza, koma thupi ndi lomwe lagona. Nanga kanyali kofiira aka kakuphethira, simunakaone?"

"Ndinakaona."

"Ndiye munati ndi Khirisimasi?"

A Orval sanaseke, ndipo a Chelo sanadikire kuti aseke. Anafunsa za bokosi la zipangizo la malemu. A Orval anagwada n'kulitulutsa pansi pa mpando wodyera. Linali loyera, chilichonse pamalo pake. A Chelo anatengamo kamita koyezera magetsi ndi sikuludiraiva, n'kutuluka panja.

Dzuwa linali litakwera kale, miyala ikuwotcha kudzera m'nsapato. Kumbali kwa kalavani, kuseri kwa filiji, kunali kachitseko ka pulasitiki. A Chelo anakatsegula, anazula pulagi ya filiji, n'kulowetsa timiyendo ta mita m'soketi.

"Zii. Mulibe kanthu. Pitani kubafa, soketi ya pafupi ndi galasi ili ndi kabatani pakati. Mukakanikize. Zonsezi zili pa chingwe chimodzi."

A Orval anapita, anakanikiza. Kanalira kuti tha.

"Abwera!" anafuula a Chelo panjapo. "Imani pomwepo, ndibwezere pulagi."

Atangobwezera, kabatani kaja kanatumphanso pansi pa chala cha a Orval.

"Kabwerera," anatero.

"Kanikizaninso."

Anakanikiza, kanatumphanso. A Chelo anamasula mawaya awiri opita ku kachitsulo kooneka ngati chala, kolowa m'chitini chokutidwa ndi thonje, n'kuyezanso. Anapukusa mutu.

"Mfiti yanu nayi. Kachitsulo kotenthetsa kapsa, kakutayira magetsi m'thupi la filiji. Kabatani kaja kakuchita bwino kukana, kupanda apo mukanagwidwa nawo."

"Kotenthetsa?" anafunsa a Orval atatulukanso. "M'filiji?"

"Mayo ine. Zaka zonsezi mukumwa madzi ozizira osadziwa kuti akuzizira ndi moto? Malemu anali ndi ntchito ndithu." Ananena akupukuta thukuta, kenako anawayang'ana kuti aone ngati mawuwo awapweteka. Koma nkhope ya a Orval inali momwe inalili. "Chabwino. Kachitsuloko mpaka tiitanitse. Koma filijiyi imayenderanso gasi. Magetsi atakana inayenera kusamukira yokha ku gasi. Munadzaza liti masilinda?"

"Amadzaza ndi Marlys."

A Chelo anapita kutsogolo kwa kalavani, anagogoda masilinda onse awiri ndi sikuludiraiva, ndipo onse analira ngati ndowa zopanda madzi.

"Ndiye mumaphikira chiyani?"

"Sindiphika."

"Mumadya chiyani?"

"Buledi. Za m'zitini."

A Chelo anapita kwawo, anabwera akukoka silinda pa kangolo, ndipo a Orval anainyamula ndi dzanja limodzi n'kuimanga pamalo pake. Ntchito yolemera ankaitha. Analowa m'kati n'kukanikiza batani la gasi monga anauzidwa. Kuseri kunamveka kuti thi, thi, thi, kenako zii. Anayesanso. Thi, thi, thi.

"Kakuthetheka koma sikakuyaka," anatero a Chelo atagwada, nkhope ili m'kachitseko. Anamasula kachivundikiro ka lata. "Taonani alendo anu. Mavu amanga nyumba ya dothi pakamwa penipeni pa gasi. Tsekani silinda, ndipo mundipezere kaburashi."

A Orval analowa kubafa. M'kapu munali miswachi iwiri, wobiriwira wawo ndi wapinki wa a Marlys. Anatenga wapinki n'kupita nawo panja. A Chelo anaulandira, anauyang'ana, anayang'ana a Orval.

"Uwu?"

"Sukugwira ntchito."

A Chelo anawerama n'kuyamba kupala dothi lija, pang'onopang'ono, akuuzira ndi pakamwa. A Orval anaima pambuyo pawo kuwatchinga dzuwa. Ankaona mswachiwo ukuda, ndipo ankadzifunsa ngati pali chomwe ayenera kumva. Anamva thukuta likutsika pamsana, basi.

Atatsegulanso gasi, kanathetheka kamodzi ndipo kamoto kabuluu kanaima nji.

"Ndi kameneko. Ikhala ikuzizira pofika mawa, musamangotsegulatsegula. Tsopano tiyeni ku ntchito yonunkha."

Chitseko cha pamwamba, cha mbali youmitsa, a Orval anali asanachitsegule chimwalirire akazi awo. Sikuti ankachiopa, sankafunamo kanthu. A Chelo atachikoka, madzi ofiirira anayenderera mpaka pansi ndipo onse awiri anabwerera m'mbuyo. Munali nsomba zomwe anawedza kumpoto chaka chatha, zokulungidwa m'mapepala. Munali timikate ta mbatata tomwe a Marlys ankapanga pa Khirisimasi, tosanjikiza bwinobwino, tsopano titasanduka phala. Munali mabakuli a msuzi wa nkhuku, ndi kabakuli kena ka zipatso zakutchire zomwe ankasungira tsiku lobadwa la amuna awo.

"Tulukani, ndichotsa ine," anatero a Chelo.

"Ayi. Gwirani thumba."

A Orval anatulutsa zinthuzo chimodzichimodzi. Mabakuliwo ankawatsegula, kukhuthulira m'thumba, n'kuwaunjika m'sinki. A Chelo atawona timikate tija anayamba kulira, thumba lili m'manja.

"Anandigawira timeneti pa Khirisimasi. Ndinawauza kuti tilibe tsabola, anandithamangitsa ndi chipande."

"Lirani inu," anatero a Orval. "Ine zikundikanika."

"Zidzabwera."

"Amatero."

A Orval ananyamula thumbalo kupita nalo kunkhuti ya zinyalala kumapeto kwa bwalo. Linali lolemera ndipo linkadontha. Analiponya, anatseka chivundikiro, anaima pang'ono. Kutali, kuseri kwa mpanda, thirakitala inali kugalauza munda womwe anali atakolola kale, fumbi likuitsatira. Anabwerera, anatsuka mabakuli onse ndi sopo, anapukuta m'filiji ndi soda monga a Chelo anawauzira, ndipo matawulo aja anawataya.

Madzulo a tsikulo, dzuwa lisanalowe, a Chelo anawaitana kukadya. Anawaikira nyemba, mpunga ndi nyama ya tsabola, ndipo anakhala moyang'anizana nawo kuti aone ngati adya. Anadya zonse, mpaka kupukuta mbale.

"Zakoma?"

"Zikuoneka choncho."

"Zikuoneka choncho! Ndaphikira anthu zaka makumi angapo, sindinatukwanidwepo chonchi." Anawaonjezera zina. "Mwana wanu mumamuimbira?"

"Amaimba yekha."

"Ndiye mumamuuza chiyani?"

"Kuti ndili bwino."

"Mundipatse nambala yake."

A Orval anapereka foni yonse. Sanafunse kuti akufuna kukanena chiyani.

Kachitsulo katsopano kanafika patapita sabata ndi masiku. A Chelo anakana kukaika okha. Anaimirira pambali, manja m'chiuno, akulamula, ndipo a Orval ndi zala zawo zonenepa anagwetsa kasikulu m'miyala kangapo asanakamange. Atabwezera pulagi, kabatani ka kubafa kanakhala phee. Iyi inali ntchito yoyamba ya magetsi yomwe anagwira m'moyo wawo.

"Mwaona? Simunafe," anatero a Chelo.

"Ee."

Anakhalabe pabwalopo mpaka mu Juni, pomwe kutentha kunafika poti chitseko cha kalavani sichinkagwirika ndi dzanja. Ndi m'mwezi umenewo momwe Renae anafika ndi mwamuna wake, osachenjeza. Sanafunse maganizo a bambo ake ulendo uno. Analongedza zovala m'masutikesi, anagulitsa kalavani kwa banja lina lachinyamata logwira ntchito yopakira ndiwo zamasamba, ndipo a Orval anasaina pomwe anawalozera. Potsanzikana, a Chelo anawakumbatira m'chiuno, poti m'pomwe ankafika.

"Mukadye, madala. Ndipo mukasambe, musadikire kuti akuuzeni."

"Zikomo, aneba."

Tsopano a Orval amakhala ku Fargo, m'chipinda cha pansi m'nyumba ya mwana wawo. Ali ndi zenera laling'ono loyang'ana pa udzu, moti amaona miyendo ya anthu odutsa. M'mawa amayendetsa galu wa pakhomopo mpaka kumtsinje ndi kubwerera, ndipo chipale chofewa chikagwa amachotsa pakhomo pawo ndi pa aneba a mbali zonse ziwiri, ngakhale palibe anawapempha. Lamlungu amapita kutchalitchi ndi banjalo, amaimirira ena akaimirira, amakhala ena akakhala. Renae amati bambo ake akupezako bwino, chifukwa anenepako ndipo amagona. Akawafunsa eni ake, amayankha kuti kukuzizira chaka chino kuposa chatha.