Sinali Ketulo

Lachinayi, sabata yachitatu ya teremu yomaliza.

Ndadzuka lilime likuwawabe pomwe ndinadziluma, ndipo amama ndawakwiyirabe.

Lolemba ndinagwa pa asembule. Ine sindikukumbuka kanthu. Anzanga akuti ndinauma thupi lonse, kenako n'kuyamba kuphupha. Dzulo amama anabwera kuchokera kwathu ku Bolero n'kunditengera kuchipatala ku boma. Adokotala atatha kundifunsa ine, anatembenukira kwa iwo.

"Mayi, mwanayu anagwapo chonchi ali wamng'ono?"

Amama anayang'ana pansi. Adokotala anagwira mkono wanga wamanzere, pomwe pali chipsera. "Nanga apa panatani?"

Ndinayankha ndine, mpaka kuseka. "Ndinakoka ketulo ya tiyi. Ndinali mwana wosamva."

"Sinali ketulo," anatero amama chapansipansi. "Anagwera pa mbaula. Chinamugwira ngati Lolembali."

Nkhani ya ketuloyi ndakula nayo. Adada amaikamba kukabwera alendo a kutchalitchi, onse n'kumaseka, inenso n'kumaseka nawo. Ku pulaimale ndikangoti duu, maso ali gwa, aphunzitsi ankandikwapula kuti ndikulota masana, ndipo ndikafika kunyumba amama ankawonjezera kukalipa. Adokotala akuti nakonso kunali kudwala komweku. Ndi khunyu, kwathu timati vizilisi. Akuti mankhwala ndizimwa tsiku lililonse osadumphitsa, ndisamakhale ndekha pamoto kapena kumtsinje, ndisamagone pamalo okwera. Ndinafunsa za mayeso a fomu folo. Anati ndilemba ngati wina aliyense.

Tikudikira minibasi ndinawafunsa amama chifukwa chimene anandibisira.

"Mwana wane, tinapemphera chomene, ndipo tinaona ngati chatha. Ukanadziwa ukanatani? Anthu akamva, adzadya nawe mbale imodzi ndani? Adzakukwatira ndani?" Anakonza mpango wawo. "Kusukulu ukanene kuti anali malungo. Mapiritsiwo uzikamwera kubafa."

"Amama, ine kuhositelo ndimagona bedi la pamwamba."

"Uzigona chakukhoma."

Anandigulira nthochi. Ndinangoti yewo basi, kenako n'kukatsikira pasukulu.

Ndinagonadi chakukhoma, dzanja litagwira chitsulo, ndipo tulo sindinatione bwino. M'mawa uno mnzanga wa bedi la pansi wandiyang'ana n'kunena kuti, "Iwe, malungo akowa ndi amtundu wanji, ovinitsa vimbuza pa asembule?" Ndangoseka. Pano alipo atsikana amene amakhulupirira kuti matendawa amapatsirana, ngakhale adokotala anakana. Mwina mnzangayu nayenso akamva asamutsa matiresi ake. Sindikudziwa.

Koma ndikagwa kuchokera pamwamba paja, amama adzakhala ali ku Bolero.

Mawa tisanalowe m'kalasi ndipita kwa amatroni ndi mapiritsi anga m'manja, ndikapemphe bedi la pansi. Kenako ndimuuza mnzangayu kuti chikandigwira azindigoneka cham'mbali, asandiike kanthu m'kamwa. Za ketulo ndinamuuzapo tili fomu wanu. Ndimuonetsanso mkonowu, amve zoona zake.