Denga la Pamanda a Papa Tutai

Mama Upokoina anakhala zaka makumi anayi akutunga nkhata za maluwa zoveka alendo padoko. Sitima ikakocheza kuseri kwa matanthwe inkatalika kuposa tchalitchi, ndipo otsikamo ankachuluka kuposa eni chilumba. Mayiwa ankaveka aliyense nkhata akumwetulira, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene anawafunsapo dzina.

Amuna awo, Papa Tutai, atamwalira, anawaika pakhomo, pakati pa khonde ndi msewu, monga amachitira aliyense pachilumbapo. Ana anawaka manda a matailosi oyera n'kukhomapo denga la malata. Masana alionse mayiwa ankakhala pamthunzipo n'kumanong'oneza malemuwo za m'mudzi ndi za m'banja.

Koma mthunzi susankha mwini. Ngatama, mwana wa mlongo wa malemuwo, amene ankayendetsa lole ya alendo, anayamba kuima pomwepo poti nyanja imaoneka bwino. Tsiku lina pochokera kudoko, mayiwa anapeza anthu asanu atakhala pamandapo akudya mapapaya. Wina anali atayanika thaulo lonyowa pamwala wa dzina, wina akukutumulira mchenga wa m'nsapato kumutu kwa Papa Tutai. Anthu ophunzira, oti kwawo manda amawavulira chipewa!

"Iwe Ngatama, amalume ako asanduka benchi?"

"Pepani Mama, sakudziwa. Akuyesa ndi popumira."

"Nanga iwe wodziwawe, m'kamwamo muli chinangwa?"

"Abwana akuti tisamakhumudwitse alendo. Ndikawathamangitsa, ntchito yatha. Komanso paja amalume ankakonda alendo."

"Ankakonda alendo oodira, osati owakhalira pachifuwa."

Mayiwa atakadandaula kwa eni malole, eniwo anawapatsa madzi ozizira n'kuwakumbutsa kuti alendo ndiwo amadyetsa chilumba. Mayiwa anakhoma chikwangwani choletsa kukhala pamandapo. Alendo anayamba kujambulitsa nacho. Kumuchotsetsa ntchito mnyamatayo sanafune, poti ana ake atatu ankadya za loleyo.

Kutatsala tsiku limodzi kuti sitima ibwerenso, anamuitana n'kumupatsa hamala.

"Kwera, uzule malatawa."

"Aa, Mama! Inuyo muzikhala pati? Dzuwa la kuno mukulidziwa."

"Amalume ako anali msodzi, dzuwa ndi mnzawo. Zula, usandiyang'ane ngati nkhanu."

Ngatama anazula misomali umodziumodzi, mayiwa akulandira malata n'kumawaunjika kuseri kwa nyumba.

M'mawa mwake lole inaima monga kale. Mlendo wina anagwira matailosi otentha ndi dzuwa, anachotsa dzanja msangamsanga, nabwerera kukakwera. Ulendo wotsatira inangodutsa, ndipo sinaimenso.

Mama Upokoina anayesa kukhalapo atavala chipewa cha mlaza, koma ndi dzuwalo mutu sunalole. Tsopano amalankhula ndi amuna awo ali pakhonde, mokweza mawu kuti amveke. Za nkhumba yothyola mpanda amawauza. Koma kuti mwana wawo wamkazi wasiyidwa ukwati kunja kumene anapita, sanawauzebe, chifukwa si nkhani yofuula.