Besi ya M'buti pa Maliro a Madala

Ndinatsala pang'ono kukhala mayi wamasiye chifukwa cha sipika. Ndikanena choncho anthu amayamba kuseka, ndipo ndimangowasiya aseke poti iwo kunalibe. Ine ndinaona ndi maso angawa amuna anga akukokedwa m'galimoto ngati thumba la chimanga, ndipo mpaka lero galimoto yogunda nyimbo ikandidutsa pamsewu ndimatseka makutu.

Nthawi imeneyo tinkakhala ku Area 10, m'nyumba yampanda wa njerwa ndi geti lachitsulo. Ine ndinkagwira ntchito ku Kapitolo, iwo ku ofesi ina ku City Centre. Tonse ndife akumpoto, tinakulira m'tchalitchi. Amuna angawo ndi munthu wofatsa, samwa, sasuta, ngakhale mpira sautsata. Nthenda yawo inali imodzi basi, besi. Ankati nyimbo yosagunda pachifuwa ndi ndiwo zopanda mchere.

Titagula kagalimoto kathu kochokera ku Japan, wailesi yake inkalemba zilembo zosadziwika mutu wake n'kumagwira siteshoni imodzi yokha. Masipika a m'zitseko ankalira ngati udzudzu. Apa ndi pamene anayamba kusowa Loweruka lililonse, ati ali kwa mmisiri wina ku Area 2, kuseri kwa mashopu a matayala. Ulendo wina ndinawatsatira kuti ndikaone mkazi mnzangayo. Ndinapeza kashedi kamalata, mawaya ali lendelende, utuchi mbwee, mmisiriyo akuwafotokozera bambo aulemu wawo ngati mwana wasukulu, iwo akungogwedeza mutu.

Mmisiriyo anawauza kuti besi sichokera m'sipika mokha, imafuna nyumba yake. Anakhoma chibokosi cha matabwa okhuthala, n'kumata guluu m'makona monse kuti mpweya usathawe, n'kuboola chibowo chimodzi chokha chopumira. Sipika yake inali yaikulu ngati beseni losambitsira mwana. Anaiyang'anitsa kumbuyo, ati mawu akagunde kaye chitseko cha buti kenako abwerere ali onenepa. Buti yonse inathera pomwepo, moti ndikakagula zinthu kumsika ndinkazinyamula pamiyendo. Ampu yoyamba, chida chokuzira mawu, akuti inali yanjala, anaika ina yaikulu, ndi chiwaya chofiira chonenepa ngati chala changa chochokera ku batire mpaka kumbuyo. Fyuzi itapsa kangapo, mmisiriyo anangoichotsa n'kupota mawaya pamodzi, ati fyuzi imabera besi mphamvu. Wailesi ya Chijapani ija anaidumpha. M'malo mwake anamangirira kamakina ka fulashi pashelufu yakumbuyo, koyendera kalimoti kakang'ono ngati bisiketi. Swichi yozimitsira zonsezo anaiika m'buti momwemo.

Kenako kunabwera vuto la kunjenjemera. Besi ikagunda, chitseko cha buti chinkalira ngati denga lamalata pamphepo. Anachiphatika ndi zidutswa za chubu cha njinga mpaka chinasiya phokoso, koma kuchokera pamenepo kuti chitseguke pankafunika anthu awiri, wina kukoka kachitsulo kapansi pa mpando, wina kukankha ndi bondo kumbuyo. Ndinalankhula mpaka pakamwa kuuma. Potsiriza ndinangoti mwana akalirira nyanga ya nsatsi msemere, imufotere yekha.

Kamakina kaja kanali ndi khalidwe lake. Galimoto ikadumpha hampu mwamphamvu, waya wake unkagwedezeka, n'kuzima, n'kuyakanso kokha, ndipo kakayaka kankayamba nyimbo yoyamba ya pafulashi pa voliyumu yonse. Zinatichitikirapo pafupi ndi maofesi ku City Centre, amuna anga n'kutulutsa kalimoti m'thumba la jinzi, n'kuloza kumbuyo osatembenuka, zii. Tinkaseka.

Munthu mmodzi amene ankaikonda besiyo anali mlonda wathu. Tinkangowatchula kuti Madala. Anali bambo wachikulire wa kumudzi kwina konkuno ku Lilongwe, koma ankachita lendi ku Kauma, kuseri kwa nyumba za mipanda, ndipo ankabwera panjinga dzuwa likapendeka. Chibwerereni chibokosi chija sitinalizenso hutala pageti. Tikangokhota pakona, tinkapeza geti lili yasa, iwo ataima pambali chipewa chili m'manja. Ankati galimoto yathu amaimvera m'mapazi isanaoneke. Ankawaseka amuna anga kuti ng'oma yoteroyo ikanalira kumudzi kwawo bwenzi gule atatuluka kudambwe osaitanidwa.

Madala sanadwale nthawi yaitali. Anadandaula chifuwa, anagonekedwa kuchipatala, uthenga n'kutipeza kuti atisiya. Thupi linali kunyumba kwawo ku Kauma, kudikira lole yoti ipite nalo kumudzi masana a Loweruka. M'mawa wa tsikulo ndinavala chitenje ndi duku, ndinaika thumba la ufa ndi shuga pampando wakumbuyo. Amuna anga anavula jinzi yawo ya Loweruka n'kuvala suti yakuda. Tinanyamuka mwakachetechete, nyimbo osayatsa, monga anthu opita kuzovuta.

Phula litatha tinalowa msewu wafumbi wokumbika ndi mvula, nyumba zili thithithi mbali zonse. Patsogolo tinaona masamba atayalidwa modutsa msewu. Aliyense wokulira kuno amadziwa tanthauzo lake: wapanjinga amatsika n'kuyamba kukankha, wachipewa amavula, wagalimoto amayenda ngati kamba, ndipo wailesi imazimitsidwa. Amuna anga anachepetsa liwiro. Tinkamva amayi akumpingo akuimba chapansipansi, abambo atakhala m'mbali mwa msewu pa njerwa ndi pa mabenchi. Titangoponda masamba aja, tayala lakumbuyo linagwera m'dzenje.

Amati chakudza sichiimba ng'oma, koma chathu chinabwera chikuimba. Galimoto yonse inagunda kamodzi, mpando n'kundimenya kumsana, kenako inayamba nyimbo ija yoyamba, yovinira pa ukwati, pa voliyumu yonse. Nkhuku zinabalalika. Amayi aja anadukiza nyimbo yawo pakati. Mitu yonse inatembenukira kwa ife.

Amuna anga anapisa m'thumba lakumanja, lakumanzere, la jekete. Ndinaona nkhope yawo ikusintha ndipo ndinadziwa asananene: kalimoti kanatsala mu jinzi, pabedi. Anazimitsa injini n'kuzula kiyi, koma nyimbo sinalekeze, poti chiwaya chija chinkamwa ku batire mwachindunji. Anakoka kachitsulo ka buti, anakokanso, buti ili gwa ndi machubu ake. Ine ndinadzigwetsera kumbuyo pamwamba pa thumba la ufa kuti ndizule fulashi, koma mmisiri uja anali ataizinga ndi tepi yakuda kuti isamagwe, ndipo zala zanga zinkangoterereka ndi thukuta.

Nditadzutsa mutu, mawindo onse anali atadetsedwa ndi anthu. Anali adzukulu, anyamata okumba manda, amenenso amasunga mwambo pamaliro, ndipo ena anali ndi mipini ya makasu. Sindikuwada. Iwo anaona galimoto yonyezimira ya kumipanda itaima pakati pa maliro a munthu wosauka ikuliza nyimbo ya ukwati, mwini wake ali mu suti osafuna kuzimitsa. Ankamenya denga ndi zikhatho. Milomo yawo inkayenda koma mawu osamveka. Ndinatsitsa galasi pang'ono n'kukuwa kuti tabwera kudzapepesa, kuti malemuwo ndi athu, koma besi inameza zonse. Ndinazindikira mochedwa kuti ndikukuwa m'Chitumbuka. Mantha anali atandilanda Chichewa chonse.

Mwala unagwa pagalasi lakutsogolo, ming'alu n'kuthamanga mbali zonse. Chitseko cha amuna anga chinatseguka, manja ambiri n'kuwagwira kolala, ndipo ndinangoona nsapato zawo zikutuluka komaliza. Ndinatuluka mbali yanga, duku litagwa. Sindinkawaona, ndinkangoona misana ya anthu itawerama ndi mikono ikukwera n'kutsika. Pakati pa kugunda kumodzi ndi kwina ndinamva wina akutchula petulo. Abale inu, tonse tinamvapo zimene gulu la anthu okwiya limachita likatchula mawu amenewo. Ndinaganiza za ana athu amene tinawasiya akuonera katuni. Ndinaganiza kuti ndikawauza chiyani apongozi anga kumpoto, kuti mwana wawo wafera nyimbo. Ndinagwira malaya a mnyamata wina n'kugwada m'fumbi, iye anangondikutumula osandiyang'ana n'komwe.

Kenako misana ija inayamba kuwongoka, mmodzimmodzi, kuyambira chakunyumba ya siwa. Anthu ankapatuka. Amene ankabwera anali akazi a Madala, opanda nsapato, amayi awiri atawagwira m'mikono. Ndinali nditawaonapo pa Khirisimasi pokha, atabwera kudzatenga kanyama. Namfedwa sadzuka pambali pa thupi la mwamuna wake kukayenda pamsewu, ndipo aliyense pamenepo ankadziwa zimenezo. Anayenda mpaka pamene amuna anga anagona atadzipinda, n'kuima pomwepo, chitenje chawo chikukhudza suti ija. Palibe amene akanakwezanso mkono.

Bambo wina wa kabaza anandigwira phewa n'kundilozera boneti. Ndinakwawira m'galimoto n'kukoka kachitsulo kake. Anaitsegula, anayang'ana kamodzi, n'kutema chiwaya chofiira chija ndi chikwanje. Moto unathetheka, iye n'kudumphira kumbuyo, ndipo kunagwa bata loti ndinkamva kupuma kwa amuna anga, kokhala ngati kwa mbuzi yomangidwa pakhosi.

Akazi a Madala aja sanakweze mawu. Anayamba ndi adzukulu.

“Asiyeni awa, ndi abwana awo a bambo. Abwera kudzawaperekeza.”

Kenako anayang'ana galimoto ija, n'kuika dzanja pa buti ngati akufuna kumva ngati ikugundabe.

“Ndinaidziwa ndili m'nyumbamo. Bambo ankandiyeserera patebulo mmene imalirira, ati bwana akamabwera nthaka ndi imene imayamba kufika. Ndiye itagunda ndinayang'ana pamphasa, ndimati kapena adzuka akatsegule geti.” Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. “Sanadzuke.”

Amayi aja anawatembenuza n'kubwerera nawo m'nyumba, ndipo kulira kumene kunabuka m'menemo sindinakumvepo kwina kulikonse.

Amuna anga anadzutsidwa ndi anthu omwe aja amene ankawamenya. Mlomo unali utang'ambika, diso limodzi litatupa, dzanja la jekete litathothoka. Wina anawabweretsera madzi m'kapu, wina anawatolera nsapato. Akuluakulu anawatengera pambali n'kulankhula nawo motsitsa mawu, iwo akungoti pepani, pepani, mutu uli pansi. Ndinawanong'oneza kuti tipite kuchipatala, anakana. Anakakhala pa njerwa pakati pa abambo, magazi akuuma pa shati yoyera, mpaka mwambo wonse unatha. Ine ndinalowa kwa amayi ndi thumba langa la ufa ndi shuga. Sindinathe kuimba ngakhale nyimbo imodzi. Nthawi yonseyo khutu langa linali panja, kumvetsera ngati ayambiranso.

Lole itanyamuka ndi thupi, anyamata omwe aja anatithandiza kutulutsa tayala m'dzenje. Ndinayendetsa ndine, ndikusuzumira pakati pa ming'alu ya galasi. Ndinali nditakonza mawu ambiri, onse aja ndinkanena ku Area 2 ndi ena owonjezera, koma nditawayang'ana atatsamira chitseko, diso lili tsinzi, mawuwo anandithera. Ndinkangomva mawu a anthu pamsewu, mabelu a njinga, zinthu zimene m'galimoto imeneyo sindinkazimva kale.

Tinakhota pakona yathu dzuwa likadalipo. Ndinaimitsa galimoto pageti, ndipo tinakhala. Injini inkalira pang'onopang'ono, ife tili duu, maso pa chitsulo chija, aliyense akudikira. Sindikudziwa kuti tinakhala nthawi yaitali bwanji tisanazindikire chimene tinkadikira. Amuna anga anayamba kulira, kulira kwenikweni kwa mapewa, kumene sanalire pamene ankamenyedwa.

Ndinatsika kukatsegula ndekha. Ndinapisa dzanja pakabowo n'kukoka chitsulo chotsekera, koma sichinasunthe. Ndinakoka ndi manja awiri, ndinakankha ndi phewa, osatheka. Geti lija linali litatsamira mbali imodzi kalekale, ndipo kuti litseguke pankafunika kulinyamula pang'ono ndi phazi kwinaku ukukoka. Zaka zonsezo tinkangolipeza lili yasa, ndipo panalibe tsiku limene Madala anatiuzapo kuti limavuta.