Chifuwa cha thirakitala ya bambo

Thirakitala ya bambo inkatsokomola. Ikalizidwa inkati kho! kho! ngati nkhalamba yosuta chingambwe, n'kukhala chete mpaka munthu kuganiza kuti yafa, kenako n'kudzuka. Anaigula yothaitha ku esiteti komwe ankagwira ntchito. Kwathu kuno chinangwa timabzala pa milu younda ndi khasu, choncho munda woti ilime panalibe. Ntchito yake inali kukoka ngolo ya njerwa, matumba a usipa ndi maliro a mudzi wonse. Bambo atamwalira inaima pansi pa mtengo wa mango zaka zambirimbiri, nkhuku n'kumaikira pampando.

Chintchito choikonza anandiyambitsa ndi mayi. Maso awo anali atachita ng'ala, ndipo tsiku lina nditaweruka ku loji ya ku Kande komwe ndimaphika, anandiuza kuti akufuna kuimvanso thirakitala ija asanatsikire kulichete. Mawu otere mwana sakana. Ndinapeza lole, tinaikweza movutikira, ulendo wa ku Mzuzu kwa makaniko wina wachikulire.

Munthu ameneyo anandionetsa zakuda. Ndikaimba foni, yankho linali limodzi: “Sabata yamawa, achimwene.” Mango anapsa, anatha, mitengo n'kuchitanso maluwa, ine ndikadali pa sabata yamawa. Koma tsiku lomwe anaimaliza ndinamukhululukira zonse. Inali psuu ndi penti, injini ikungong'ung'udza mosalala. Potsanzikana anandiloza chala.

“Dizilo weniweni, osati wa m'zigubu. Mukathiramo zachilendo musadzandidziwe.”

Ndinalakwitsa potenga malume, mlongo wawo wa mayi, amene kwathu timati asibweni. Iwo anaumirira kuti ayendetsa okha, chifukwa akuti kale ankakhala pambali pa mlamu wawo n'kumaonerera. Potsika mapiri aja ndinapemphera mapemphero onse omwe ndinaphunzira ku Sande sukulu. Titafika poyalana, vuto linasanduka moni. Aliyense wodutsa ankamuimira. “Mwe uli?” Kenako mbiri yonse ya thirakitala, kuyambira kwa mzungu wa ku esiteti. Pa Mpamba anakweza mayi wina ndi dengu la nanazi, dengulo n'kundisenzetsa ine. Maminibasi ankatiimbira mahutala kumbuyo, makondakitala akutukwana, asibweni n'kumawabayibitsa poyesa kuti akuwayamikira. Pofika pa Chintheche n'kuti khosi langa litapsa ndi dzuwa, mawu atandithera.

Tinalowa pabwalo masana, anthu akukuwa. Mayi anali pamphasa pakhonde. Anapendeketsa mutu, kumvetsera.

“Ndi ya yani imeneyi?”

“Ndi ya ada, ama. Yabwera.”

“Bodza. Wabwereka kwa azungu ako a ku loji.”

Ndinawagwira dzanja n'kuwakhudzitsa chiwongolero, mpando, ngakhale pomwe bambo anawotcherera chitsulo atagunda chitsa. Ananunkhiza pentiyo, anapukuta dzanja pachitenje, n'kulowa m'nyumba. Ndinapsa mtima, sindibisa. Chaka chathunthu chokwera ndi kutsika Mzuzu, kupempha tchuthi kuntchito mpaka abwana kundiyang'ana ndi diso lofiira, malipiro ake n'kukhala akuti ndine wabodza! Tsiku limenelo nsima ya kondowole sinandilowe.

M'mawa mwake ndinamva chitsulo chikulira gwe gwe kuseri. Ndinakapeza asibweni atamasula paipi ya utsi, botolo la palafini lili chozondoka pakamwa pa thanki. Ndinakuwa mpaka agalu anathawa.

“Asibweni! Mukundiphera injini!”

Iwo sanatembenuke n'komwe. Anagwedeza botolo kuti dontho lomaliza ligwe.

“Iwe mphwanga, mlamu wanga sanathirepo dizilo yekhayekha chibadwire. Ankasakaniza ndi palafini wa nyali za usipa, wopempha kwa asodzi. Ukuyesa chifuwa chija inkachitenga kuti?”

Ndisanayankhe anali atakwera kale. Chiutsi chakuda chinabuka, nkhuku zinabalalika. Kho! Kho! Kenako zii. Ndinagwira mutu, nkhope ya makaniko ili m'maso mwangamu, ndipo ndinali nditayamba kale kusankha mawu oti ndiwalalatire malume anga ngakhale mwambo ukuletsa. Apo injini inadzuka, ikunjenjemera ndi kulira moipa ngati kale.

Chitseko chinatseguka. Mayi anatuluka akupapasa khoma, dzanja lina likukonza duku. Anayankhula ndi mawu omwe ndinali nditawaiwala, okalipa koma osakwiya, aja ankalandirira nawo bambo akamabwera kuntchito.

“Mwachedwa kuti tsiku lonse? Madzi osamba azizira.”

Asibweni anavula chipewa. Mayi anaima pomwepo kanthawi, kenako dzanja lija linatsika pang'onopang'ono kuchoka pa duku. Malume atatambasula mkono kuti azimitse, mayi anamva.

“Isiyeni ilire.”

Makaniko uja atamva nkhaniyi anasiya kuyankha foni yanga, ndipo sindimuimba mlandu. Injiniyo ikutha ndikuona, ndipo nthawi zonse ikatsokomola mtima umandipweteka ngati akundizula dzino. Chonyansanso n'chakuti asodzi masiku ano ali pa nyali za sola, palafini akusowa. Loweruka lililonse ndimayenda sitolo ndi sitolo pa Chintheche, botolo lili m'manja, ndikung'ung'udza njira yonse. Ndikafika ndimathira ndekha, mayi atakhala kale pamphasa, duku atamanga bwino.